Chilizamtengwa cha a Toribia

A Toribia Sallo anabadwira kumtunda kwenikweni, kumene chimanga sichimera, kumene munthu amakula ndi kachewere ndi fungo la nkhosa. Anatsikira m'chigwa ali namwali, atakwatiwa ndi Melquiades, bambo wofatsa amene ankakonza ngalande za madzi zimene Ainka, mtundu wamakedzana wa kumeneko, anasiya. Nyumba yawo inali kuseri kwa mabwinja a Ainkawo. Khoma lake lakumunsi linali la miyala yamakedzana ija, yolumana popanda dothi, yoti ndi nsonga ya singano yomwe silowa. Alendo ankaijambula miyalayo. A Toribia ankayanikapo masokosi.

Ana anabadwa, nakula, nabalalika. Wina ku Cusco, awiri ku Lima. A Melquiades anatsikira kulichete chaka chimene chisanu chinapsereza nyemba. Pakhomo panatsala chitsirizira, Edilberto, amene ankayendetsa minibasi ya alendo odzaona malo. Ndiye anayambitsa zoti alendowo, akatsika m'mabwinja ali wefuwefu, nkhope zili psuu, azidzapumira pabwalo la mayi ake.

Ntchitoyo a Toribia inawakomera. Ankavala chipewa chawo chofiira, n'kuyala nsalu yoluka okha, n'kuyalapo kachewere wa mitundumitundu: wakuda bii, wachikasu, wamizeremizere, wopindika ngati nyanga. Alendo ankamwa tiyi wa masamba a koka, ankayesa kupota ubweya n'kumadula ulusi, ankasuzumira kukhitchini kukaona mbira zikuthamangathamanga pansi pa chitofu. Pomaliza a Toribia ankapisa m'thumba la siketi n'kutulutsa chimene ankachisunga dala.

Ndi kachewere ndithu, koma wa mfundo zokhazokha, zothinana ngati tsango la mphesa. M'chinenero cha kumapiriko amamutcha dzina lotanthauza kuti chilizamtengwa, ndiye kuti choliza mkazi wodzakwatiwa. Kale, mnyamata akabwera ndi mkazi pakhomo, apongozi ankampatsa mkaziyo kachewere ameneyu ndi mpeni. Akasenda bwino, makoko ali opyapyala, mfundo zonse zili m'malo mwake, ndiye kuti ndi mkazi. Akagwetsa mfundo, abwerere kwa amake akaphunzire.

A Toribia m'masiku awo anasenda wawo osagwetsa ndi imodzi yomwe, ndipo apongozi awo anamuonetsa mudzi wonse. Nkhaniyi sinkawatopetsa kuinena. Azimayi achizungu ankayesa nawo, n'kumakhapa mfundo ngati akusadza nkhuni, amuna awo akujambula, onse ali chikhakhali. Zophwanyikazo zinkalowa mumphika, makoko ochindikalawo n'kupita kwa mbira.

Ndiye kunabwera Yesenia. Anali mtsikana wa ku Ica, kuchipululu cha m'mbali mwa nyanja, wotsogolera alendo, wodziwa zilankhulo zitatu koma chakumapiri ayi. A Toribia anamuona kambirimbiri akumasulira pabwalo pawo. Anaonanso kuti Edilberto wayamba kupesa tsitsi, ndiponso kuti mpando wakutsogolo wa minibasi sukhalanso wina.

Mwanayo anaulula m'mawa wina akumwa msuzi.

"Amayi, Lamulungu Yesenia abwera. Osati ndi alendo. Abwera yekha."

"Abwere. Pakhomo pano pali chitseko?"

"Koma zija za kachewere musachite. Kwawo amadya nsomba ndi mpunga. Mukamuchititsa manyazi pamaso pa anthu sadzakhala kuno. Ntchito akumuitanira ku Ica, ndipo akapita ine ndipita naye."

A Toribia anatenga ubweya n'kuyamba kupota. Ulusi unaduka, iwo amene sankadula ulusi.

Vuto linali lakuti mudzi unali utamva kale. Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, azimayi anangowatsatira osaitanidwa, patsogolo pali a Saturnina, mnzawo wakalekale amene anawanyamulira Edilberto pa ubatizo, mayi wa pakamwa posatseka.

"Amnzanga, lero tiona," anatero a Saturnina akukhala pamwala wa Ainka ngati wawo. "Moyo wonse mwatiboola m'makutu ndi mfundo zanu zosagwa. Mpongozi wanga ine munamuseka mpaka munatsamwa. Tulutsani chinthucho."

"Mpongozi wanuyo anasenda ngati akumeta bulu."

"Eya, tione wanu wa zikhadabo zopaka utotoyu."

Yesenia mawuwo sanawamve, poti anali a chinenero cha kumapiri, koma kuseka anakumva. Anali atavala siketi yaitali yobwereka, atanyamula dengu la mphesa za kwawo. Anaika dengulo pansi, napukuta manja.

"Amayi, ndipatseni. Mwambowu ndaufotokozera alendo kosawerengeka. Sindingauthawe lero."

Edilberto anayang'ana mayi ake. Iwo anayang'ana kuphiri, kumene nkhokwe zakale zinakangamira pathanthwe. Kukana kunali kunena pamaso pa mudzi kuti mtsikanayu ndi mlendo, woyenera kumusiya. Kuvomera kunali kumuponya m'kamwa mwa a Saturnina. Anapisa m'thumba. Munali awiri, ndipo zala zawo zinafufuza wa mfundo zochepa. Onse anali oipa chimodzimodzi.

Mtsikanayo anagwada pansalu, nayamba. Anagwira mpeni ngati cholembera. Mfundo yoyamba anaizungulira bwinobwino, mpaka mayi wina anang'ung'udza movomereza. Yachiwiri inathothoka, nigubuduka, nikaima pa nsapato ya a Saturnina. Iwo anaitola n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Iyi ndisunga. Ndikaikulunga m'nsalu."

Yesenia sanadzutse mutu. Anapitiriza. Ina inagwa, kenako ina. Khosi lake linafiira. Pofika kumapeto m'dzanja mwake munatsala kanthu koyera, kosongoka, kochepa ngati dzira la njiwa, ndipo pansalu panali mulu wa makoko oti banja likhoza kudya. Anakaika m'mbale ndi manja awiri. Pamenepo dontho linagwera pambalepo, lina n'kutsatira. Anayesa kupukuta ndi mkono, koma misozi inangochulukira.

Edilberto anali atagwira kale makiyi a minibasi.

A Toribia anaiyang'ana misozi ija, ndipo mtima wawo, umene unali utapanikizika kuyambira m'mawa uja wa msuzi, unamasuka. Anatembenukira kwa mnzawo.

"Saturnina, kachewereyu dzina lake ndani?"

"Mwayamba kuiwala? Chilizamtengwa."

"Pansalu iyi pagwada akazi angati? Aku France, aku Japan, ena aatali ngati mitengo ya bulugamu. Onse anamuphwanya. Munaonapo mmodzi akulira?"

"Amangoseka, zitsiru."

"Amaseka chifukwa ndi alendo. Kachewereyu saliza mlendo. Sadziwa n'komwe kuliza mlendo." Anatola kanthu koyera kaja m'mbale. "Zaka zonsezi ndimamutulutsa m'thumba, lero ndiye wagwira ntchito yake. Wamuzindikira. Ine ndingatsutse bwanji?"

A Saturnina anayang'ana mfundo inali m'manja mwawo.

"Nanga inu, amene simunalire?"

"Ndinalira kuseri kwa khola, inu muli kotunga madzi. Bweretsani mfundoyo, ndi ya mumphika wanga."

Azimayi anaphulika kuseka, ndipo a Saturnina anaseka kuposa onse, akupukusa mutu, akuti nkhalamba iyi ikanakhala loya bwenzi ndende zili zopanda anthu. Edilberto anamasulira mawuwo m'khutu mwa Yesenia. Mtsikanayo analira kwambiri, ndipo a Toribia anamupukuta ndi nsonga ya shawelo yawo, akumutcha mwana wanga m'chinenero chimene iye anali asanachiphunzire. Anathira chicha, mowa wa chimanga, pang'ono pansi, gawo la nthaka, kenako chikho chinayenda. Mphesa za ku Ica zinatha tsiku lomwelo.

Ukwati unachitika atakolola. Ku Ica awiriwo amapitako kukacheza, n'kubwerako ndi nsomba zouma zimene a Toribia amadya mwaulemu chabe.

Masiku ano maso awo achita nkhungu, ndipo kuluka anasiyira ena. Koma alendo akatsika m'mabwinja amawapezabe pamwala paja, chipewa chili pamutu, dzuwa likuwawomba pamsana, madzi a m'ngalande ya a Melquiades akudutsa pambali. Yesenia ndiye amayala nsalu ndi kufotokoza. Chinenero cha kumapiri anachigwira, mpaka amabwezera a Saturnina mawu. Kusenda kokha ndiko kunakana. Mlendo akafunsa ngati iyeyo anapambana mayesowo, amaloza apongozi ake kuti ayankhe okha, ndipo iwo amaloza kukhitchini.

"Kaoneni mbira zanga," amatero. "M'chigwa chonse chino mulibe zonenepa ngati zimenezo."