Mphini za Amayi ku Chisi

Ndinanyamuka ku Zomba Loweruka m'mawa, kamera ili m'thumba la malaya, dzanja lili pamwamba pake. Kanali kakang'ono ngati sopo wochapira, ndiponso kogwirapo kale ntchito, koma mtengo wake unali wa mbuzi zitatu. Mkazi wanga anangokatembenuza m'manja n'kufunsa kuti, "Mbuzi zitatu zija ndi zimenezi?"

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi amayi aang'ono, a Esinati, mng'ono wawo wa amayi anga. Anapita ku Bulawayo atangokwatiwa kumene ndipo sanabwerenso kumudzi. Tsopano anali chigonere, ndipo anapempha kuona nkhope ya achemwali awo. Ndinatumiza chithunzi cha pafoni. Tsoka lake foni yanga imasalaza nkhope, nkhalamba imatuluka ngati khanda. A Esinati anayang'ana kamodzi n'kukankha foniyo. "Awa si achemwali anga. Mphini za pamasaya zili kuti? Anamwalira, mukundibisira." Kuwaimbira sikunathandize, poti amayi makutu anagontha, pafoni amangoti, "Ndani?" Kuchokera tsiku limenelo a Esinati anayamba kukana chakudya, akulira maliro a munthu wamoyo.

Minibasi ya ku Kachulu, doko lowolokera kupita kwa amayi pachilumba cha Chisi, inandidya K5,000, ndipo mpando umene ndinalipira ndinagawana ndi madengu opanda kanthu a mayi wina wogula nsomba. Phula litatha tinayamba kudumphadumpha, fumbi likulowera pansi pa mipando.

"Achimwene, mukudwala mtima?" anafunsa mayiyo, ataona dzanja langa silikuchoka pachifuwa.

Ndinamuonetsa kamera. Anaseka. "Kameneko? Foni ya mwana wanga njaikulu kuposa apo."

Ndinajambula dengu lake, n'kukulitsa chithunzicho pagalasi mpaka tinaona mamba a nsomba atakanirira pakati pa nsungwi, lililonse palokha. Mayiyo anakokera duku kutsogolo. "Ii, kameneka n'kakazitape. Musakalozetse kuno, kaulula imvi zanga."

Ku Kachulu tinafika dzuwa lili pamutu. Fungo la matemba oyanika linatilonjera tisanatsike n'komwe. Podikira kuti boti lidzaze ndinadya chinangwa chophika ndi mlamba wowamba, ndikupukuta zala pathalauza kuti mafuta asakhudze kamera. Woyendetsa boti analandira K3,000 yake n'kundipatsa jumbo. "Kaikeni umu, bwana. Nyanja ino siidziwa kuti ichi n'chodula." Tinadutsa m'kanjira ka pakati pa mabango, kenako madzi ofiirira aja anatambasuka, mapiri a Chisi akukula pang'onopang'ono kutsogolo. Mantha anandigwira. Nanga mphinizo zikakhala kuti zinamira m'makwinya? Ineyo, mwana wawo, ndinali nditaleka kuziona kalekale.

Amayi ndinawapeza akupeta mpunga pakhonde. Nditawakuwira kukhutu kuti ndabwera kudzawajambula chithunzi chopita kwa a Esinati, anasiya lichero n'kulowa m'nyumba. Anakhalitsa. Potuluka anali atavala chitenje chatsopano ndi duku la kutchalitchi, nkhope ili mbuu ndi phaudala wobwereka kwa anansi. Anaima chilili ngati msilikali, manja m'mbali, milomo atatseka. Kwathu chithunzi amajambulitsa choncho, munthu saseka.

"Amayi, phaudalayo wakwirira mphini!" ndinakuwa.

"Ndadzola dala," anayankha. "Zachikale zimenezo. Ukufuna anthu a m'tauni azimuseka Esinati kuti achemwali ake ndi achimidzi?"

Ndinayandikiranso khutu lawo. "Akuti munamwalira. Chithunzi choyamba chija chinalibe mphini. Sakudya, amayi."

Amayi anati, "Tatunga madzi."

Anasamba kumaso pomwepo, akutikita ndi mphamvu ngati akukwecha mphika. Anakhala pansi pakhomo, pamene dzuwa la madzulo linkawomba cham'mbali, natembenuza tsaya lakumanzere popanda ine kuwauza. Ndinajambula.

Nditakulitsa chithunzicho, zonse zinalipo. Timizere takuda, tondondozana bwino pakati pa makwinya, ndi kamodzi kokhota kolowera kukhutu. Amayi anakhudza galasi la kamera ndi chala, kenako anakhudza tsaya lawo. "Zikadalipo, eti," anatero motsitsa mawu. "Umuuze adye. Umuuze kuti ndanena ndine."

Pachilumba netiweki inkangobwera n'kuthawa, choncho chithunzicho ndinachitumiza m'mawa mwake nditawolokera ku Kachulu. Ndinachisamutsira pafoni n'kuchitumiza chathunthu ngati fayilo, kuti chisafufutike m'njira. Ndinakwera minibasi foni ili m'manja, ndipo ulendo uno madengu anali odzaza, fungo lake losasimbika.

Tikuyandikira Zomba, phiri likuoneka bwino, uthenga wa mawu unalowa. Anali a Esinati, mawu ofooka koma akuthamanga.

"Ndi iwowo! Ndi achemwali anga! Mphini yokhotayo ndinachititsa ndine. Tsiku lotitema ndinkalira ndi mantha podikira nthawi yanga, iwo anatembenuka kuti anditonthoze, lumo n'kuterereka." Kenako anaitana wina wa m'nyumbamo: "Iwe, phala lija lilipo?"

Ndinalira m'minibasi muja, bambo wamkulu ndithu, kondakitala akunamizira kuyang'ana panja. Zaka zonsezi ndinkasangalala ndi foni yokongoletsa anthu, osadziwa kuti ikufufuta malo enieni amene mng'ono amazindikirira mkulu wake.

Kunyumba ndinamuyatsira mkazi wanga uthengawo kuti amve. Atamva za phala anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, natenga kamera ija n'kukaika m'kabati, pamodzi ndi mbale za alendo.