Wometa amene anakana ndevu

Anthu a mumsewu umenewo ankawatchula kuti a Sambam'manja, ndipo eni ake dzinalo ankalinyadira. Anali wometa tsitsi, nkhalamba ya imvi mbuu, imene inayamba ntchito ndi sizasi ndi chipeso basi. Matenda a korona atavuta, anatulutsa mpando wometera n'kuuika pakhonde la kashopu kawo, pambali pake ndowa ya madzi ndi sopo. Wosasamba m'manja sankaukhalira mpandowo, ngakhale atavala tayi.

Chimene chinawadanitsa ndi anthu ndi ndevu. Anasiya kuzimeta, poti munthu sungamumete kuchibwano atavala masiki, komanso wometa amachita kuweramira pankhope, n'kumalandirana mpweya. Makasitomala ambiri anathawira kwa wometa wachinyamata wa tsidya lina la msewu. Madalawo sanatekeseke. Kunyumba kunali akazi awo odwala shuga, ndipo analumbira kuti matenda a koronawo sawapititsira kumanda mayi a ana awo.

Za katemera ndiye n'zoseketsa. Munthu wogwira lezala moyo wake wonse ankaopa jakisoni ngati mwana. Koma akazi awo atanena kuti, "Muyambe ndinu, bambo, ndione ngati simufa," anapinda malaya n'kutsinzina, thukuta lili kamukamu. Mayiwo anabayitsa akuseka. Nthawi ya jakisoni wowonjezera itakwana anapitanso limodzi.

Kenako kunabwera mtundu watsopano wa kachilomboko, wothamanga kuposa miseche. Wometa wachinyamata uja anayetsemula masiku ochepa n'kubwerera pantchito, akulengeza kuti ndi chimfine wamba. Kalipentala, mnzawo wa a Sambam'manja kuyambira paubwana, anakhulupirira.

"Achimwene, mukudzizunziranji?" anatero kalipentalayo. "Taonani mwana uyo, ali bwinobwino. Ndimeteni ndevuzi."

"Mwana uyo mapapo ake ngatsopano, athuwa ndi matayala akutha. Kabayitseni kaye, achimwene."

"Ine katemera wanga ndi ntchito," anayankha kalipentala, n'kuwoloka msewu.

Posakhalitsa anamunyamulira kuchipatala akupuma mobanika, ndipo anakhalitsa pamakina a mpweya. A Sambam'manja sananene kuti ndinakuuzani. Zinawapweteka kwambiri, moti ankapita okha kukathirira maluwa a mnzawoyo.

Koma kachilombo sikagogoda. Ngakhale anasamala chonchi, kanalowabe m'nyumba mwawo, ndipo onse awiri anawapeza nako. Bambowo kunangowakanda kukhosi. Mayiwo ndiye thupi linatentha, chifuwa chili khokhokho, chakudya osachifuna. Namwino atawayeza anati achilire kunyumba, koma mpweya ukayamba kuperewera athamange nawo kuchipatala.

Apa nkhalamba ija inachita mantha enieni. Inatseka shopu, inatsegula mawindo onse, n'kukhala pakampando pakhomo la chipinda, khutu lili tcheru kumvetsera mmene mkazi wake akupumira. Mumtima inkadzifunsa ngati sopo yense uja ndi makasitomala onse aja zinangopita pachabe. Koma mpweya sunaperewere. Kutentha kunatsika, mayiwo anayamba kudya, ndipo namwino anati pamsinkhu wawo ndi shuga wawoyo, popanda katemera nkhani ikanatha kukhala ina.

Bambowo atachira, akazi awo anawathamangitsa kuti abwerere kuntchito. "Mukundiyang'ana ngati ndine wailesi yakanema. Pitani!" Anapita, koma mtima unatsala kunyumba, poti mayiwo anali asanathe kuyenda kupitirira pakhomo.

Tsiku lina masana, ali mkati mometa dalaivala wa basi, anaona munthu pagalasi akubwera pang'onopang'ono mumsewu, atavala masiki, botolo la tiyi lili m'manja. Anali akazi awo, akuyenda okha, osagwiridwa ndi aliyense. Ogulitsa zipatso anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja. Misozi inadzaza m'maso mwa a Sambam'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito, anacheka khutu la kasitomala.

"Mayo! Madala, mwatani?" anakuwa dalaivala.

"Pepa mwanawe, khutu lipola," anatero iwo, akuloza ndi sizasi. "Tatembenuka uone. Awo akubwerawo ndi akazi anga."