Sungwa za Patsinde pa Katope

Ndidakwatira kufupi ndi mtsinje wa Bua m'zaka za chitaganya, ndili mnyamata wosatha kulemba ngakhale dzina langa. Kulemba ndidaphunzira imvi zitayamba kale, pasukulu ya kwacha, ndipo nkhani iyi ndakhala ndikuizengereza kuyambira tsiku limene dzanja langa lidazolowera pensulo.

Kwathu ndi kumtunda kwa Nsaru, kumene madzi tinkatunga pachitsime ndipo nsomba tinkaiona youma kale pamsika. Nditalowa chikamwini m'mudzi wa mkazi wanga, mtsinje udandikopa ngati mwana. Ndikaweruka ku fodya wa apongozi ndinkatenga khasu, n'kukakumba nyongolotsi m'dambo, n'kukhala pagombe ndi kansungwi ndi mbedza. Ndinkagwira timatemba ndi timilamba tosadzaza m'manja, koma ndinkabwerera kunyumba monyada.

Mwana wathu woyamba adabadwa mvula ikutha, ndipo sadalire. Ntchembere ina idabwera pamene ndidakhala, idaima patali, n'kunena kuti, "Zalephereka, bambo. Musalire, sitilira zimenezi." Mwana wotere timati nthayo. Sapita naye kumanda, ndipo mwamuna sayandikira. Amayi okhaokha ndiwo amapita naye kudambo, pamalo onyowa, n'kumuika m'kadzenje kosazama. Dothi lake satsendera. Amangolimwaza ndi manja n'kuvundikirapo phale. Mwamuna aliyense ankadziwa chifukwa chake ngakhale sitinkazikamba: ukatsendera pamenepo watseka mimba ya mayiyo, sadzaonanso mwana.

Sindidamuone. Sadandiuze ngati adali wamwamuna kapena wamkazi, ndipo sadandiuze pamene adamuika. Patapita masiku ndidatenga khasu langa kupita kudambo monga mwa kale. Ndidalitukula, koma kuligwetsa ndidalephera. Paliponse pofewa pankaoneka ngati ndi pomwepo. Ndidabwerera, ndipo kuwedza ndidaleka.

Masiku amenewo mchimwene wa mkazi wanga adali atabwera kudzapuma kuchokera ku Halale, kumene ankaphikira mzungu wina wokonda kuwedza. Adali munthu wopanda tsiku lokhala chete. Adandipeza ndikusoka fodya kuchigafa.

"Alamu, mwaleka kuwedza? Kapena zinsomba zanu zija zidakuthyolani msana ponyamula?"

"Nyongolotsi zasowa," ndidatero.

Adandiyang'ana, n'kuyang'ana kudambo, kenaka adachoka. M'mawa mwake adabwera ndi supuni yaing'ono ya tiyi.

Adaidula mpini. Adaboola timabowo tiwiri ndi msomali, kena kutsogolo, kena kumbuyo. Kumbuyoko adamangirira mbedza ndi kaulusi kofiira, kutsogoloko adakolowekako kawaya ka sipoko ya njinga. Kenaka adaikwecha ndi phulusa mpaka idayamba kuthobwa m'maso. Chingwe chidali cha ulusi wosolola m'tayala lakale, wopota bwino, wokulunga pachitini.

"Nanga nyambo muika pati?" ndidafunsa.

"Nyambo ndi yomweyi."

"Kodi nsomba idya chitsulo?"

"Inu a ku Nsaru mudziwa chiyani za nsomba? Si paja mumayesa imabadwa youma, mchere uli kale?"

Adati tikufuna sungwa, nsomba yofanana ndi chambo koma ya kamwa lalikulu, yachikasu kumimba, imene imadya tinsomba tinzake. Ikaona kasupuni kakuphethira m'madzi imayesa ndi kansomba kodwala. Adandionetsa kagwiridwe kake. Chitini chikhale kudzanja lamanzere, cholozetsa kumadzi. Lamanja lizungulize kasupuni katatu, n'kukataya, chingwe chizisololoka chokha. Kakagwa uwerenge mpaka katatu, ndiye uyambe kukulunga. Ukafulumira kamangozungulira n'kupota chingwe. Ukachedwa kamamira n'kukodwa m'ndere. Pakati pa ziwirizo pali mayendedwe amene sangakuuze munthu, umangowamva pachala chimene chingwe chikudutsapo, kasupuni kakugunda ngati mtima.

Tsiku loyamba ndidakola bango. Lachiwiri ndidakola malaya anga. Lachitatu mbedza idalowa m'khutu langa, ndipo mlamu wanga adagwira chingwe n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono.

"Yadyera, alamu. Yaikulu ndithu, yamiyendo iwiri. Koma yowonda, tiiponyenso."

Ndidaseka, magazi akutsika m'khosi. Kadali koyamba kuseka chichitikire zija, ndipo ndidachita manyazi.

Iye ankagwira imodzi kapena ziwiri pa tsiku. Ine ayi. Masiku ake atatha adandisiyira kasupuni ndi chitini. Ponyamuka adati, "Musamataye nthawi poyera. Sungwa ikonda mthunzi ndi mizu."

Kunyumba mkazi wanga ankangowonda. Chakudya ankangochigwiragwira n'kuchisiya. Madzulo ena ndikukwecha kasupuni pakhomo, adakhala pafupi nane, osandiyang'ana.

"Inu, poyenda kumtsinje kwanuko, pali katope paja musamafikepo."

"Ndamva."

"Ngakhale kungodutsa. Amayi akuti pakakhala momwe adapasiyira, mvula ikadzagwa tidzaonanso wina."

"Ndamva, iwe. Sindidzafikapo."

Mkazi sauza mwamuna malo amenewo. Iye adandiuza m'njira yokhayo imene akadatha, ndipo ine ndidamvetsa zonse. Ndikulemba zimenezi poyera kuti wina asadzandichepetsere mlandu poganiza kuti sindinkadziwa.

Mtengo wa katopewo udali pamene kamtsinje ka m'dambo kamathira m'Bua. Mizu yake idalowa m'madzi, ndipo pansi pake padali dziwe lakuda, lamthunzi. Ndidatha masabata atatu ndikuponya kwina konse, osagwira kanthu. Madzi adali atayera, chisanu chitayamba, dzanja langa litaphunzira. Kasupuni kankagwa pamene ndafuna ndipo kankagunda bwino pachala. Koma nsomba kudalibe. Apongozi aakazi, amene sitinkayankhulana maso ndi maso, ankauza nkhuku zawo mokweza kuti mkamwini wina amapita kukasambitsa supuni kumtsinje. Ndipo nthawi zonse ndikatembenuka, patsinde pa katope timatemba tinkabalalika pamwamba pa madzi, china chake chikutithamangitsa.

Tsiku lina masana ndidadziuza kuti kuponya si kufika. Ndidaima patali, pamchenga, n'kutaya kasupuni kumizu. Kadagwa bwino. Pokulunga kadakodwa. Ndidakoka uku, ndidakoka uko, sikadachoke. Kadali kamodzi komweko, mwini wake ali ku Halale. Kulowa m'madzi ndidaopa, chifukwa sindidziwa kusambira. Ndidati ndingodzera kumtunda, ndiyende mosamala, ndikakolole.

Ndidapatula bango n'kulowa. Nditatsala pang'ono kufika patsinde, phazi langa lamanzere lidatitimira mpaka m'kakolo, ndipo pansi pake china chidasweka. Ndidayang'ana. Lidali phale, litagawika pawiri, dothi lozungulira pamenepo lakuda kuposa lina lonse.

Ndidaima nthawi yaitali phazi lili momwemo. Sindidamve mawu, sindidaone kanthu. Mbalame zinkalira monga mwa masiku onse. Ndidazula phazi pang'onopang'ono, madzi n'kudzaza m'malo mwake. Ndikadabwerera pamenepo, mwina ndikadatha kunena kuti idali ngozi.

Ndidagwada pamuzu, n'kukolola kasupuni. Ndipo poti ndidali nditafika kale, ndidakaponya kamodzi, pafupi pomwepo. Kadagunda pachala kawiri, katatu, kenaka chingwe chidalimba ngati wina wachigwira kuchokera pansi. Chidandicheka chala. Nsomba idathamangira kumizu, ndidaibweza, idavuuka kamwa lili yasa, idamiranso. Poitulutsa ndidabwerera m'mbuyo osayang'ana pamene ndikuponda. Idali sungwa yotalika kuchokera kunsonga ya zala mpaka pafupi ndi chigongono, yobiriwira kumsana, madontho ofiira kuchipsepse. Ndidaigwira ndi manja onse awiri ikuphiriphitha, ndipo ndidasangalala. Chimenechi ndicho sindidauzepo munthu. Ndidasangalala kwambiri, nditaima pamenepo.

Kunyumba ndidati ndaigwira kumunsi, pamiyala. Mkazi wanga adaipala mamba, adaiphika, ndipo adadya mpaka mutu. Apongozi adatumiza mbale kuti alaweko.

Ndidabwererako kanayi. Kachiwiri ndidapita ndi chikwanje n'kudula bango kuti dzanja lizizungulira bwino. Ndinkadziuza kuti ndikuima pambali, koma nsomba ikadyera munthu sadziwa kumene mapazi ake ali. Ulendo uliwonse ndinkabwera ndi ziwiri kapena zitatu. Mkazi wanga adayamba kubwerera m'thupi, adayamba kuyankhula, tsiku lina ndidamumva akuyimba pamtondo. Ndinkati taonani, ndikumuchiritsa.

Ulendo wachisanu ndidamupeza komweko. Adali atagwada pamalo pamene ndidadula bango, mtsuko uli pambali. Pansi ponse padali posalala, polimba ngati pabwalo. Mapazi anga adali paliponse, ndipo sakadasokonezeka ndi a wina, chifukwa chala changa chachikulu chidapindika ndili mwana. Ankatola tizidutswa ta phale n'kumaika m'chikhatho.

Sadakuwe. Adafunsa ali chogwada, "Zonse zija ndidadya zidachokera pano?"

"Inde."

"Ndi yoyamba ija?"

"Inde."

Adagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa za nyengo. Adafukula dothi ndi zala kuti lifewe, adabwezerapo tizidutswa tija, n'kumwazapo masamba. Kenaka adaimirira.

"Pali mankhwala ake," adatero. "Ntchembere zikudziwa. Koma amafuna wopondayo akanene yekha. Ine sindingakunenereni. Kauzeni amayi."

"Ndikanena mawa."

Kuti ndikanene, ndikadayenera kukhala pansi pamaso pa apongozi aakazi ndi ntchembere zonse za m'mudzi, ine mkamwini wobwera, n'kunena kuti ndidaponda mwana wanga chifukwa cha nsomba. Mawa lake ndidapita kukagulitsa fodya. Mkuja wake kudali maliro kumudzi wina. Kenaka ndidati tidikire apongozi achire chifuwa. Mkazi wanga adandikumbutsa kawiri, ndipo kachitatu sadandikumbutsenso. Sadauze munthu. Akadanena, abale ake akadandipirikitsa tsiku lomwelo, ndipo iye sadafune zimenezo. Adasunga manyazi anga, ine osasunga chake chilichonse.

Kasupuni ndidakabisa kudenga, sindidakagwirenso. Mvula idabwera, Bua adasefukira, dambo lonse lidamira. Madzi ataphwa bango lidameranso, ndipo ndidadziuza kuti palibenso chonena.

Mvula idagwa kawiri, katatu, iye osaima. Mwezi uliwonse ndinkadziwa tsiku lake, chifukwa ankasiya kuthira mchere m'ndiwo ndipo sankandiyang'ana. Adamwa mizu yamitundumitundu. Amayi ake adayenda naye kwa asing'anga akutali, akufunafuna chifukwa chimene ine ndinkagona nacho m'nyumba. Pomaliza atsibweni ake adaitana ankhoswe. Padalibe kukalipirana. Adati mwina magazi athu sagwirizana, aliyense akayesere kwina. Adandifunsa ngati ndili ndi mawu. Mkazi wanga adadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Ndidati ndilibe. Ndidanyamula mphasa ndi khasu kubwerera ku Nsaru.

Ndidakwatiranso, ndipo ana adabwera mosavuta. Iye adakwatiwa kawiri, ndinkamva, ndipo konseko adachokako wopanda mwana. Mwana wanga wamkazi amene adaphunzira unamwino ndidamufunsapo, ngati kuti ndi nkhani ya munthu wina. Adati phazi silingatseke mimba, kuti mayi akachira movutika nthawi zina m'kati mumawonongeka, basi. Sindikumutsutsa, iye adaphunzira. Koma mkazi uja ankakhulupirira kuti pali njira yotsegulira, ndipo njirayo idali m'kamwa mwanga. Kaya mankhwalawo akadagwira kaya ayi, ndidamusiya adikire zaka zitatu chinthu chimene chikadanditengera m'mawa umodzi.

Ndidadzamuonanso kamodzi kokha, patapita zaka zambiri, pachigayo cha ku Kabudula. Adali pamzere ndi dengu laling'ono la chimanga, la munthu wodya yekha. Adandizindikira iye poyamba. Tidapatsana moni waulemu, wa inu ndi inu, ngati anthu amene adangokhalapo m'mudzi umodzi. Adafunsa za kwathu, za mvula, za amayi anga amene adali atamwalira kale. Adati mchimwene wake sadabwerenso kuchokera ku Halale, adamwalira komweko. Ndidaganiza kuti mwina tsopano ndinene kanthu, koma chigayo chinkalira, anthu adali pafupi, ndipo ndidapezanso chifukwa.

"Nanga ana muli nawo angati?" adafunsa.

"Awiri," ndidatero.

Adali asanu ndi awiri. Adandiyang'ana pang'ono, ndipo ndikhulupirira kuti nambala yeniyeni ankaidziwa kale, poti midzi yathu siitalikirana kwenikweni.

"Akule bwino," adatero. Mzere udasuntha, ndipo adawerama kukoka dengu lake.