Mapazi pa Mame

Anthu ambiri amaganiza kuti bowo la pa bwalo la gofu limakhala pamodzimodzi chaka ndi chaka ngati chitsime. Ayi ndithu. Pali munthu amene amalisuntha, ndipo pa bwalo limene ndikunenali munthuyo ndi Chiboola. Dzina lake lenileni lili pa chiphaso, palibe amene analimvapo likuitanidwa.

Ntchito yake ndi ya m'mamawa. Amanyamula chiboolera chachitsulo n'kuyendera magirini onse khumi ndi asanu ndi atatu. Girini ndi kabwalo ka kapinga wometedwa mpala komwe kumakhala bowo ndi mbendera. Amaboola pena, pakale paja n'kutsekapo ndi chigamba cha kapinga mwaluso moti sungaone msoko. Akatero amatenga nsungwi yaitali n'kukwapula mame kuti mpira uziyenda bwino. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akuchita zimenezi, koma mpira wa gofu sanaumenyepo n'kamodzi komwe. Ukamufunsa amati wophika mu hotela sagona m'hotelamo.

Mabowowo amawadziwa ngati abale ake, ndipo lililonse analipatsa mbiri yake yaifupi. Loyamba ndi laulemu, limalonjera alendo. Lachinayi ndi apongozi, limakoma ukamaliona patali. Lachisanu ndi chiwiri ndi labodza lamkunkhuniza, limakulozera kumanzere pamene mpira likuukokera kumanja. La khumi ndi chiwiri silinalakwirepo munthu, n'chifukwa chake palibe amalikumbuka. Chaka china anamutumiza ku bwalo lina kukathandiza pa mpikisano. Atabwerako anangoti, "Kapinga ndi wabwino, koma mabowo onse mayi mmodzi bambo mmodzi. Ukaona limodzi, bwerera kwanu." Osewera ankamufunsa dala kuti aseke.

Za bowo lachisanu ndi chinayi sankanenapo kanthu, ndipo chifukwa chake chinali kunyumba.

Nyumba ya antchito imene ankakhala inali kuseri kwa girini imeneyo, kudutsa pa kampata ka mpanda wamaluwa. M'nyumbamo munali mkazi wake, amene aliyense ankawatchula kuti a Telala, chifukwa anasoka pakhonde la sitolo kwa zaka zambiri mpaka shuga anawalanda maso. Anali mayi oyenda ngati asiya mkaka pamoto. Ndiye taganizani, mayi otero n'kumayenda atagwira mkono wa munthu, kumapempha kuti awaperekeze ngakhale kokayanika nsalu. Zimenezi zinkawapweteka kuposa mdimawo. Tsiku lina anayesa okha, anagwera m'ngalande, dzino linaguluka. Kuyambira pamenepo anakhala pampando miyezi itatu, miyendo kutupa, pakamwa kuwawa ngati tsabola.

Chiboola zinamudya mumtima. Kenako anakumbuka kuti pa dziko lonse lapansi amadziwa malo amodzi opanda mwala, opanda muzu, okhala ndi dzenje limodzi lokha, ndipo dzenjelo amakumba ndi iyeyo. M'mawa wina anawatenga opanda nsapato mpaka pa girini.

"Bowo lili kumtunda, chakumanja," anatero. "Kwinaku konse n'kwanu. Mukamva udzu wautali ukukuyabwani zala, mwafika kumalire, tembenukani."

Anawasiya dzanja. Poyamba ankakwekwesa mapazi, kenako anayamba kuponda, kenako kuthamangira kuja kunabwerera. Pasanathe mwezi anali atawerenga kuti kuchokera pakhonde kufika pa girini ndi mapazi makumi anayi, ndipo ankapita okha. Chiboola ankangonena pamene pali bowo, n'kudzafufuta mapazi otsala pa mame ndi nsungwi yake dzuwa lisanatuluke.

Ankafufuta chifukwa lamulo linali loti pa girini pamaponda osewera ndi antchito basi. Manijala wa pamalopo sanali munthu woipa, koma malamulo ankawasunga ngati mazira. Anachotsapo mlonda ntchito chifukwa ana ake ankasewera pamchenga wa pa bwalolo. Chiboola ankadziwa kuti zikaululika, ntchito ndi nyumba zipitira limodzi. Zinayenda mobisa choncho zaka zitatu.

Ndiye akuluakulu a kalabu anagwirizana zokonzanso bwalo, kuti lakalamba. Anaitana katswiri wojambula mabwalo a gofu, mayi wachitsikana wa chipewa chachikulu ndi makina oyezera a miyendo itatu. Antchito anangomutcha Injiniya. Atamva za mbiri zazifupi zija, anapempha kuti Chiboola ayende naye bowo ndi bowo. Pa apongozi paja anaseka mpaka kugwira bondo, pa labodza paja anati makina ake akuvomereza, ndipo zonse ankalemba m'kabuku.

Atafika pa lachisanu ndi chinayi, Injiniya anaima nthawi yaitali.

"Ili ndi lofatsa mopitirira," anatero. "Munthu akamenya mopyoza salangidwa. Kumbuyo kuno ndikumba dzenje la mchenga lofika m'chiuno, kuchokera apa mpaka apo."

Anakhoma zikhomo zofiira. Chimodzi chinagwa pakamwa penipeni pa kampata kaja.

"Mukuti bwanji bambo? Ili simunalipatse dzina."

Chiboola anayang'ana chikhomo cha pa kampata chija. "Pamenepa pamadikha madzi, mayi," anatero. "Mchengawo udzasanduka dambo."

Injiniya anayang'ana pansi, anayang'ana m'makina. Pamalopo ndi pamene panali pokwera kuposa pena paliponse. "Madzi akudikha pachulu?"

"Amadikha."

Bodza limafuna ozolowera, abale. La Chiboola linali losaphika, ndipo iye mwini anachita nalo manyazi mpaka kunyumba. Sanawauze kanthu a Telala. Koma m'mawa mwake, pa phazi la makumi atatu ndi chimodzi, chala chawo chinagunda chikhomo.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

Anafotokoza zonse, ndi za madzi zomwe.

"Zaka zonsezi mukukhala ndi ine, bodza labwino lokha osaphunzirako?" anatero a Telala. Anaseka pang'ono, kusekako n'kuthera panjira. "Musataye ntchito chifukwa cha ine. Mpando uja ulipo. Tandisiyani ndiyendeko masiku atsalawa."

Analambalala chikhomo n'kulowa pa girini. Chiboola anaima ndi nsungwi yake, chisoni chitamugwira moti sanamve kuti kumbuyo kwake kwafika munthu. Anali Injiniya. Mwana wa eni ake bodza lija analitenga ngati zoona, analawirira kudzaona madzi odikha pachulu. Zimene anapeza ndi mayi wosaona akuyenda yekha mothamanga, ndi mapazi ali mbwee pa mame.

"Madzi aja ndi amenewa," anatero Chiboola. "Ndinanama, mayi. Ndi akazi anga. Kwina konse amayenda chogwiriridwa."

Injiniya anavula nsapato ndi masokosi, n'kupita kukawapatsa moni a Telala.

"Amayi, inu mumaidziwa girini imeneyi kuposa ine. Mukuiona bwanji?"

A Telala si munthu wowafunsa kawiri. "Nsalu yake ndi yabwino," anatero, "koma anaidula mothamanga. Cha uku kuli khwinya, tabwerani muponde. Mwalimva? Ndipo mpendero wa kumunsiku ndi wokhota. Ikanakhala ya kasitomala wanga ndikanaiphwasula."

Anayenda awiriwo akupondaponda, Injiniya akulemba m'kabuku kaja. Pomaliza anabwerera kwa Chiboola.

"Mchenga ukufunikabe, bambo, pamenepo sindikunamizani. Ndipo a manijala ndiwauza, chifukwa sindingajambule chinthu n'kubisa chifukwa chake."

Masiku awiri otsatira Chiboola anaboola mabowo okhota, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Ankangowerenga m'mutu katundu wa m'nyumba, kuti angakwane pa galimoto yotani. Tsiku lachitatu anamuitana ku ofesi. Pa tebulo panali pulani yatsopano. Dzenje la mchenga lija analigawa pawiri, lina kumanzere lina kumanja, ndipo pakati panatsala lilime la kapinga lotambalala ngati mawilibala awiri, lochokera pa kampata mpaka pa girini. Injiniya anati bowolo lakoma kuposa mmene anaganizira poyamba, chifukwa wosewera aziyesedwa mtima kuti alase pakatipo.

Manijala anatulutsa mpweya wautali. Anati wakhumudwa kuti munthu wamkulu anamubisira zaka zitatu. Anati lamulo ndi lamulo. Kenako anafunsa ngati mayiwo amaponda ndi nsapato, ndipo atamva kuti ayi, anati phazi lopanda nsapato silinaphepo kapinga. "Isanakwane sikisi koloko," anatero, "ndipo ndisamve kuti mwaitana ndi azilamu anu omwe."

Musaganize kuti zinangokoma pompo. Mathirakitala anabwera n'kugalauza girini yonse, ndipo kapinga watsopano samera chifukwa munthu ali ndi changu. A Telala anabwerera pampando miyezi isanu. Miyendo inatupanso, pakamwa panawawanso, ndipo Chiboola analandira zonse monga mwamuna amene akudziwa tsiku lotsegulira. Madzulo ankawauza mmene udzu wafikira, iwo n'kumati akukokomeza.

M'mawa wa tsiku lotseguliralo anaboola bowo loyamba pa girini yatsopano, n'kubwerera kudzawatenga a Telala. Anawapeza ataima kale pakhonde, nsapato zili pambali.

"Mbali zonse ziwiri kuli mchenga," anatero. "M'mphepete ndasiya udzu wautali kuti muzimva. Gwirani mkono lero lokha."

"Tachokani panjira, mukunditchinga."

Anatsika okha. Chiboola ankatsatira patali, akuwerenga nawo chamumtima. Pa kampata anaima, chala chinafufuza udzu wautali kumanzere, chinaupeza, chinafufuza kumanja, chinaupezanso. Anadutsa pakati pa maenje awiri aja ngati akulowa m'chipinda chawo. Pa girini anazungulira kamodzi, anapita paja panali khwinya, anapondaponda.

"Makumi anayi ndi atatu tsopano," anatero. "Koma mwana uja amasoka."

Chiboola anatsegula pakamwa kuti anene pamene pali bowo, monga ankachitira masiku onse.

"Musandiuze," anatero a Telala. "Ndilipeza ndekha."

Chiboola anakhala pansi pa udzu wonyowa, nsungwi ili pamiyendo, misozi ikutsika osaipukuta. M'mawa umenewo sanafufute phazi ngakhale limodzi. Osewera oyamba anawapeza mapaziwo ali pomwepo, akuchokera kunyumba.