Dengu la Nkhuku Zowodzera

Pamsika onse ankawatchula Mayi Nthenga, chifukwa nthenga sizinkawachoka: m'tsitsi, pazovala, ngakhale m'kapu ya tiyi. Ntchito yawo inali kupha ndi kusosola nkhuku zimene anthu agula zamoyo, kuseri kwa shedi, pambali pa mgolo wa madzi otentha. Anaiyamba ali mtsikana, moti zala zawo zinali zitafa dzanzi kalekale.

Mwezi uliwonse kunkabwera anthu oyeza ziweto, atavala zoyera mpaka kumapazi. Ankapisa kamtengo ka thonje kukhosi kwa nkhuku n'kukatsekera m'kabotolo. Ankati timabotolo timeneti timafika kutali, kumayiko kumene akatswiri amalondalonda matenda ochoka kwa nyama n'kulowa mwa anthu. Amalonda zakutalizo analibe nazo ntchito. Ankadziwa chimodzi: kabotolo kakanena zoipa, nkhuku zonse za m'shedi zipsa.

Ndiye anali ndi kachitidwe kawo. Galimoto ya azoyera ikangotulukira pageti, nkhuku iliyonse yowodzera kapena yotupa mutu inkaponyedwa m'dengu. Dengulo ankanyamula ndi Mayi Nthenga, poti chipinda chawo cha lendi chinali kuseri kwa mpanda wa msika.

M'chipindamo munkagona amuna awo. Anali mlonda pasitolo ya simenti, ndipo tulo tawo tinali ta masana, zenera lili chitsekere kuopa kuwala.

"Mwabweretsanso alendo anu aja?" ankatero bambowo ali m'bulangete. "Anthu obwera osaodira."

"Gonani, bambo. Mkonono wanuwo ndi umene ukuzidwalitsa."

M'nyengo ina yozizira madengu anachuluka, azoyera nawo anangoti kakaka pamsika sabata yonse. Nkhuku zinkafera pansi pa bedi. Kenako bambo aja thupi linatentha, kupuma kwawo kukumveka ngati sowo yobuntha.

Mayi Nthenga anawaperekeza kuchipatala pamodzi ndi Tcheya, mkulu wa ogulitsa nkhuku. Namwino anafunsa: "Kunyumba kuli nkhuku, abakha kapena nkhunda?"

Tcheya anawaponda chala Mayi Nthenga. Mayiwo anaganizira anzawo a m'shedi ndi ana awo, anthu oti nkhukuzo ndiye munda wawo.

"Ayi, anesi. Bambowa amalondera simenti."

Anawapatsa mankhwala a chibayo, koma chifuwa sichinamve. Masiku anapita, bamboyo akungomira ali pabedi pouma. Tsiku lina masana anasuntha chopumira chimene anawavundikira pamphuno.

"Make mwana, usakagone m'chipinda muja," ananong'ona. "Fumbi la nthenga lija... ndikulimva muno."

Mayi Nthenga anatuluka n'kukagwira namwino uja pamkono pakhonde. Anavula mpango kumutu, nthenga zinagwa pasimenti, ndipo anaulula zonse: madengu, geti, zenera lotseka.

Namwino sanakalipe. Anangoti, "Amayi, mankhwala ake tinali nawo. Koma amagwira akafulumira."

Bamboyo anawapisa kamtengo ka thonje kukhosi, koma anatsirizika kabotolo kawo kasanabwere ndi yankho. Yankho litafika, azoyera anatsika ndi magalimoto ambiri. Anatseka shedi, anatentha nkhuku zonse m'dzenje, ndipo aliyense wogwira nkhuku anamuyeza n'kumumwetsa mapiritsi. Awiri anagonekedwa, koma anatuluka akuyenda okha. Pamsika ponse sipanamvekenso maliro ena a nthendayo.

Komabe ku maliro a mlonda anthu a m'shedi sanapondeko. Tcheya anangotumiza mawu akuti chala chimene analoza nacho anzawo akadye chomwecho.

Shedi itatsegulidwanso, pamgolo paja panaima munthu wina. Palibe anapatsanso Mayi Nthenga nkhuku yoti asosole. Lero amagulitsa makala pafupi ndi geti, ndipo tsitsi lija lada ndi fumbi, koma dzina silinawachoke.

Galimoto ya azoyera ikafika, iwo sayang'ana galimotoyo. Amayang'ana kuseri kwa shedi. Akaona dengu likunyamuka, amasiya makala, n'kuimirira, n'kuloza.