Tinaika Achimwene Popanda Abusa

Ndinadzuka kusanache, mphepo ikugwedeza malata ngati ikufuna kusasula denga. Tinali titagona mothithikana azimayi okhaokha m'nyumba ya achimwene ku Joe Slovo, dera la nyumba zamalata kuno kudziko la eni, ena pamatiresi, ena pamakatoni, alamu anga ali pakona atafunda bulangete mpaka kumutu. Nyimbo zinali zitatha, anthu atatopa. Ine tulo ndinangolawa. Chimene chinandidzutsa si chisoni chokha ayi. Ndinali nditawanamiza amayi, ndipo tsiku loti bodzalo liululike linali lomweli.

Nkhani yake ili chonchi. Achimwene, a Fanuwelo, anasiya kupita kutchalitchi kwathu zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Sanayambane ndi munthu. Lamulungu lililonse linkawapeza ali pantchito yosamalira maluwa m'nyumba za olemera ku Hout Bay, ndiye anayamba kupemphera Lachitatu madzulo m'nyumba mwawo ndi anzawo a vuto lomwelo. Anayamba anthu anayi, kenako anachuluka mpaka ena kumakhala pamakireti a zakumwa. Analibe dzina, analibe m'busa, ngakhale belu analibe. Ankawerenga ndime imodzi, n'kupemphera mmodzimmodzi mozungulira, basi kwatha. Ine ndinkawaseka kuti ndi mpingo wa pamakireti, ndipo sindinapondemo tsiku la mapemphero ngakhale kamodzi. Amayi kumudzi ku Ntcheu, munthu amene wakalambira mu yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, sitinawauze. Tinkati tidzawauza BP yawo ikadzakhazikika.

Achimwene anadwala chifuwa masabata awiri okha n'kutisiya. Ine ndinathamangira kwa abusa athu ku Langa. Anandilandira bwino, anandipepesa, koma anati m'buku la mpingo mulibe dzina la malemu, ndipo lamulo siliwalola kuyendetsa mwambo. Kwathu tonse timadziwa tanthauzo la zimenezo: maliro osaimbidwa, aja anthu amapita kumanda ali duu ngati akukataya chinthu. Amayi anali atavutika kale kuvomera kuti mwana wawo aikidwe kuno, monga anapempha mwini wake kuti ana ake azitha kukaona manda. Ndiye atandifunsa pafoni ngati abusa adzakhalepo, pakamwa panga panangotuluka kuti eya, adzakhalepo. Iwo anati chabwino, ndidzawaimbire pa vidiyo tikakafika kumanda, adzaone okha, ndipo abusawo adzawathokoze ndi pakamwa pawo.

Panja kunali kudakali mdima bii. Azibambo anali atazinga moto wa m'migolo yodula pakati, manja ali m'matumba a majekete. Azimayi achikhosa oyandikana nafe anali atatereka kale chimanga chokonola ndi nyemba, athu akudula kabichi ndi kutsuka mpunga. Nkhuni zinali matabwa onyowa, utsi unkangozungulira m'kanjira n'kulowa m'maso. Ndinanamizira kuti ndikukatenga mchere, ndinalowa kuseri kwa katani, n'kutenga chigubu choyera cha ayisikilimu chimene alamu amasungiramo shuga. Pachivundikiro chake ndinadula ndi sizasi kachidutswa kotalika ngati chala. Abale inu, ine mayi wa ana awiri, mkhristu wodya mgonero, ndinali kupanga kolala ya abusa ndi pulasitiki.

Amene ndinkawafuna anali bambo ena achikulire a m'gulu la achimwene, obadwira ku Harare koma makolo awo a ku Dedza. Onse amawatcha a Sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona. Amatsuka mbale mu lesitilanti ina kudoko la ku Hout Bay, koma ndi aatali, aimvi, ndipo akavala suti yakuda ukhoza kuwagwadira. Ndinawakokera kuseri kwa nyumba n'kuwafotokozera zonse, kachidutswa kali m'manja. Ndinati sindikuwapempha kuti alalikire, angokavala n'kuima pamene foni ingawaone, amayi akathokoza iwo angoti zikomo. Anakatenga, anakatembenuza uku ndi uku. Chichewa chawo chimakokera ku Chishona, koma ndinamva bwinobwino.

"Mwanangu, ine ndanamapo zambiri pa moyo wanga, ngakhale pa boda. Koma pamanda a Fanuwelo ayi."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinawauza kuti amayi akagwa ndi BP kumudzi kuja, mlandu udzakhala wawo ndi kagulu kawo kopanda mutu. Anangondibwezera kapulasitiki kaja, ine n'kukaponya pamoto. Kananunkha, mpaka mayi wina anafunsa kuti ndani akuotcha zinyalala pafupi ndi chakudya.

Kutayera, anthu anayamba kufika. Ena anali atavala za kuntchito m'kati mwa zitenje, chifukwa abwana anangowapatsa theka la tsiku. Azimayi achisilamu amene amaluka tsitsi pamodzi ndi alamu anabwera ndi ndowa za mandasi n'kukhala chete pakhomo. Anzanga a kutchalitchi anabwera ochepa, atavala zovala wamba, yunifolomu ataisiya kunyumba. Ndinaziona zimenezo, ndipo ndinadziwa kuti amayi nawonso adzaziona. Mmodzi anandinong'oneza kuti kodi mwambo ayendetsa ndani. Ndinachita ngati sindinamve.

Galimoto ya maliro inafika cha m'ma naini, koma sinathe kulowa m'kanjira kathu. Azibambo ananyamula bokosi pamapewa, kudumpha zithaphwi, kuwerama pansi pa mawaya a magetsi ndi zingwe zoyanikapo zovala. Pakhomo linakana kulowa mpaka anachotsa chitseko. Itakwana nthawi yoona nkhope ndinangoyang'ana pang'ono. Achimwene ankaoneka ngati munthu amene akufuna kuseka, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri. Ndinadzifunsa ndili chiimire pomwepo kuti nanga ngati lamulo la kutchalitchi lija likunena zoona? Munthu akapita chonchi, wopanda womupereka, kumeneko amakamulandira ndani? Sindinauze munthu aliyense.

Foni inalira katatu tisananyamuke. Anali azakhali, amene anali ndi amayi kumudzi, komwe nakonso anthu anali atasonkhana. Sindinayankhe. Ndinangolemba kuti netiweki ikuvuta, ndiimba tikafika.

Tinakwera maminibasi atatu. Mvula inatipeza pamsewu waukulu, ija ya kuno ya nyengo yozizira, yobwera chammbali. Phiri lalikulu la mumzinda muno silinkaoneka n'komwe. M'minibasi mwathu a gulu la achimwene anayambitsa nyimbo, zomwe zija za m'buku timaimba kwathu, ndipo mavesi onse anali nawo pamtima kuposa ine. Ndinkangogwedeza milomo. Chamumtima ndinkapemphera pemphero lochititsa manyazi, loti foni yanga ife kapena kumudzi netiweki igwe.

Manda a kuno si ngati akwathu. Kulibe mitengo, kulibe adzukulu okumba ndi makasu. Ndi mchenga woyera, mizere ya maenje okumba ndi makina, ndipo banja lililonse limapatsidwa nthawi yake. Chapafupi panali maliro ena, abusa awo atavala mkanjo, wina atawagwirira ambulera. Ndinawayang'ana ndi nsanje. Dzenje lathu linali ndi madzi pansi. Wogwira ntchito pamandapo, atavala jekete lachikasu la mvula, anatiuza kuti tili ndi theka la ola, chifukwa pambuyo pathu pali ena.

Panalibenso kothawira. Ndinaimba. Pafoni panaoneka azakhali, kenako amayi, atakhala pamphasa pakhonde, atavala yunifolomu yawo ndi duku loyera, azimayi anzawo atawazungulira. Nkhope yawo inali itachepa. Ndinawaonetsa bokosi, alamu, ana, ndikuyendetsa foni mofulumira dala.

"Wandionetsa onse," anatero amayi. "Nanga abusa ali kuti?"

Ndinayang'ana pansi. A Sekuru anabwera okha, anatenga foni m'manja mwanga mwaulemu, n'kuvula chipewa mvula ikuwamenya.

"Mayi, pepani ndi zovutazi. Pano palibe abusa. Ine ndine wotsuka mbale. Mwana wanu ankapemphera nafe m'nyumba mwake, ndipo ndife amene tabwera kudzamuperekeza."

Ndinamva mayi wina kumudziko akuti hii. Amayi anangoyang'ana, osaphethira. A Sekuru anandibwezera foni, ine n'kuitembenuzira kudzenje kuti maso athu asakumane.

Kenako panachitika chimene ngakhale ine sindinachiganizire. Bokosi litatsitsidwa, onse anangoima. Gulu lawo linali lisanaikepo munthu chiyambire, ndipo aliyense ankadikira mnzake kuti anene mawu aja amanenedwa pamanda. Palibe amene ankadziona woyenera. Amene ankayambitsa mapemphero masiku onse ndi amene anali m'bokosimo. Mphindi zinkapita, wa jekete lachikasu akuyang'ana wotchi, mvula ikugogoda pabokosi. Chibadwire sindinachitepo mantha ngati pamenepo. Maliro osaimbidwa aja anali awa, ndipo amayi ankawaona ndi maso awo kudzera m'dzanja langa.

Anayamba ndi alamu. Anavundukula chitenje kumutu n'kupemphera monga amachitira Lachitatu, mawu wamba, ngati akulankhula ndi munthu amene ali pafupi. Anati Ambuye, awa ndi a Fanuwelo, mukuwadziwa, sankatha kukwiya mpaka dzuwa kulowa, alandireni. Atati ameni, amene anaima kumanja kwawo anapitiriza. Zinayenda choncho kuzungulira dzenje. Wina anathokoza kuti a Fanuwelo anamusunga m'nyumba mwawo miyezi itatu atangofika kumene m'dziko lino. Wina anapemphera m'Chikhosa, wina m'Chishona, wina anangotchula dzina n'kulira n'kuti ameni. Zitafika pa ine, onse anadikira. Ndinatsegula pakamwa koma munalibe kanthu. Mapemphero onse amene ndinaloweza chiyambire ubwana anathawa, komanso ndinkaopa kuti ndikangoyamba, amayi aona ngati nanenso ndine wa gululi. Ndinapukusa mutu, wotsatira n'kupitiriza.

A Sekuru ndi amene anatseka, n'kuponya mchenga wodzaza dzanja. Tonse tinaponya. Pamene ndinkayang'ananso foni, inali itaduka. Sindinadziwe nthawi imene inadukira.

Ndinaimba tili m'minibasi, sinalowe. Titafika kunyumba tinasamba m'manja m'beseni pakhomo, anthu n'kuyamba kudya. Ndinaimbanso, ndinaimbanso, foni ya azakhali ili yozima. M'mutu mwanga ndinali nditawaona kale amayi atagwa pamphasa paja, anthu akuthamanga kukafuna galimoto. Ndinkagawa mbale ndikuganiza kuti sabata yamawa ndikhala ndikulira maliro achiwiri, ndipo amenewo ndidzakhala nditawachititsa ndine. Mayi wina anandikakamiza kuti ndidye, koma ndinangoika mbale pambali n'kuimbanso.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Chitseko anachibwezera, moto wa m'migolo unazima ndi mvula. Alamu ndi ana anagona ndi zovala zomwe. Ndinatsala ndekha m'chipinda chija ndikukolopa matope amene anthu analowa nawo. Mphepo inali italeka, moti ndinkamva madzi akudontha m'ndowa pakona. Foni italira ndinatsala pang'ono kuigwetsa.

Anali amayi, mawu okha, popanda vidiyo. Anati foni ya azakhali inatha moto anthu akuponya dothi, ndipo anachita kukaitchajitsa kumsika. Ndinakhala pansi. Ndinayamba kupepesa, mawu akuthamangitsana, koma anandidula. Anati za bodza tidzakambirana ndikadzapita kumudzi, ndipo ndisaganize kuti zatha.

"Ndinkawerenga," anatero. "Anthu khumi ndi asanu ndi awiri, aliyense anamutchula dzina mwana wanga. Pamaliro a bambo ako abusa anali achilendo, dzina analakwitsa kawiri." Anausa moyo. "Koma iwe sindinakumve."

Ndinawauza kuti ndinachita mantha.

"Ndi mchimwene wako ameneyu. Ndili pompano, ndikumvetsera."

Ndinaika foni pampando, n'kugwada pansi ponyowa paja, chokolopera chili pambali. Ndinalibe mawu a m'buku ngakhale amodzi. Ndinati, Ambuye, ndine mlongo wake wa Fanuwelo, ndachedwa.