Chamba m'Mbiri ya Malemu

Mkazi wanga ankagwira ntchito yopanga mbewu za chamba. Inali ntchito yovomerezeka, pa kampani ina yaing'ono yofufuza za mankhwala, kunja kwa mzinda wa Leicester ku Ulaya, kumene kuli minda ya tirigu ndi nkhosa. Kampaniyo inali ndi chilolezo cha boma, mpanda wa waya ndi makamera. Iye anaphunzira za zomera kuyunivesite kwathu, n'kubwera kuno kudzawonjezera maphunziro. Ine ndinamutsatira ndi dipuloma yanga yauphunzitsi, ndipo ndinapeza ntchito yosamalira okalamba pafupi ndi nyumba imene tinkachita lendi ku Braunstone.

Chamba chili ngati papaya: pali chachimuna, pali chachikazi. Mankhwala amene ofufuza amafuna ali m'maluwa a chachikazi. Chachimuna chimodzi chokha chikawaza mungu m'nyumba yagalasi yolimiramo, zazikazi zonse zimayamba kubereka njere, ndipo ntchito ya miyezi imapita pachabe. Choncho anthu amafuna mbewu yoti ukafesa, chilichonse chomera chikhale chachikazi. Monga mkazi wanga ankandifotokozera, amachititsa chomera chachikazi kutulutsa mungu, n'kuwaza munguwo pa chachikazi chinzake.

"Ndiye basi, nkhani yatha?" ndinamufunsa tsiku lina tikutsuka mbale.

"Zimenezo aliyense angachite," anatero. "Ntchito yagona posankha mayi."

Zomera zina zazikazi, zikakumana ndi mavuto, zimatulutsa timaluwa tachimuna pazokha, ndipo ana ake amatengera khalidwe lomwelo. Ndiye iye ankazivutitsa dala. Ankazimana madzi, kuziika pozizira, kuzisokonezera kuwala. Chomwe chasintha ankachitaya, ngakhale chikhale chonenepa ndi chokongola chotani. Nthawi ina anabwera kunyumba atakhumudwa chifukwa anataya chomera chimene anachisamalira nyengo yonse. Anapeza kaduwa kamodzi kachimuna, kobisala kunsi kwa nthambi. Ndinamufunsa ngati sakanangokathothola kaduwako. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Ndikathothola ine, wofesa mawa akathothola bwanji zimene sakuzidziwa?"

Mabwana ake ankafuna kuti zinthu zizifulumira. Iye ankakana kulemba pa paketi kuti mbewu ndi yachikazi yokhayokha asanafeseko ina n'kuiona ikuchita maluwa ndi maso ake. Sankakweza mawu. Ankangoti, "Tidikire zionetse."

Fungo ndi limene linkamuulula. Ngakhale asinthe zovala, linkatsalira m'tsitsi. Lachinayi ankachoka kuntchito n'kulunjika ku kwaya ku Highfields, ndipo mayi wina wa ku Zambia, woimba naye alito, ankanunkhiza mokweza dala.

"Asisi, mwadutsanso kwa ma Rasta?"

"Ndadutsa kumene kumachokera lendi, amayi."

Onse ankaseka. Mumpingo ankadziwa, koma palibe amene ankatchula dzina la chomeracho. Ankangoti ali ku zaulimi.

Anadwala masamba a mitengo atayamba kuyoyoka. Matenda ake sindilemba pano. Anatenga nthawi yochepa, ndipo anamwalira ine ndili pambali pake, m'chipatala momwe anamwino ena anali anthu a mumpingo mwathu.

Thupi lisananyamuke kupita kwathu, mpingo unakonza mwambo wa mapemphero. Mbiri ya malemu inayenera kuwerengedwa, monga zimakhalira. Mkulu wa mpingo, bambo wachikulire amene wakhala nesi kuno kuyambira kale, anabwera kunyumba kudzakambirana nane. Munthu ameneyu ndi amene anayendetsa zonse za maliro pamene ine mutu sunkagwira. Anasiya mashifiti ake chifukwa cha ine. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo, n'kuyamba mozungulira.

"Achimwene, pa nkhani ya ntchito ya malemu, ndimaganiza tingoti anali katswiri wa zaulimi. Si bodza."

"Si bodza, bambo."

"Mukudziwa mmene anthu athu alili. Mwambowu aujambula pafoni, mawa lomwe uli kumudzi. Kwathu mawu amenewo amayenda ndi apolisi ndi amisala. Mukufuna apongozi anu azilozedwa zala pachitsime? Mwana anapita ku Ulaya kukalima fodya wamkulu?"

Sankalakwa. Nthawi imeneyo kwathu anthu anali mkati mokangana zololeza ulimi wa chamba cha m'mafakitale, ndipo ambiri ankangomva mawu amodziwo basi.

"China n'chakuti," anapitiriza, "mzungu uja wa kuntchito kwake wapempha kuti adzalankhulepo. Azunguwa sadziwa kuphimba nkhani. Mupite mukamupemphe bwinobwino adzangonena za khalidwe la malemu."

Ndinavomera kupita. Mawa lake ndinakwera basi imene mkazi wanga ankakwera m'mawa uliwonse. Ndinali ndisanafikeko chiyambire. Mnzake wa ntchitoyo, mayi wa imvi wolankhula pang'ono, anandilandira pageti, anandilembetsa ngati mlendo, n'kundiveka jasi yoyera. Ndisanayambe nkhani yanga anati pali chimene akufuna ndione.

M'nyumba yagalasi munali mofunda, kunja kukugwa mvula yowaza. Munali mizere ya zomera zofika m'chifuwa. Izi, anandiuza, ndi mbewu zomaliza zimene mkazi wanga anapanga, ndipo anazifesa yekha atatsala pang'ono kugonekedwa m'chipatala. Zinali zitangoyamba kuonetsa. Anandipatsa kagalasi kokulitsira zinthu n'kundilozera pamene nthambi imakumana ndi tsinde. Ndinaona timaubweya tiwiri toyera. Chimenecho ndi chachikazi, anatero. Chachimuna chimatulutsa timipira tolendewera.

Anati iye wayendera mizere yonse mobwerezabwereza ndipo sanapeze kampira ngakhale kamodzi. Anati m'zaka zimene wagwira ntchito imeneyi nthawi zonse pamapezeka china chosokonekera, n'chifukwa chake anthu amakhala akuzonda zomera zawo tsiku ndi tsiku. Izi zokha anali atasiya kuziopa.

Ndinapempha kuti ndiyendere ndekha. Ndinawerama pa chomera chilichonse, mzere ndi mzere, msana mpaka kuwawa. Mayiyo sanandifulumize. Anakakhala pa ndowa yovundikira cha pakhomo, akuyang'ana mvula. Nditamaliza ndinamubwezera kagalasi kake n'kumuthokoza. Zimene mkulu wa mpingo anandituma sindinanene.

Madzulo ake ndinaimbira mkulu wa mpingo uja. Ndinamuuza kuti mbiri ndiwerenga ndekha, ndipo ntchito ya malemu ndiitchula.

"Achimwene, mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza, bambo. Ngati pali mlandu, ukhale wanga, osati wa mpingo."

Anapuma mozama. "Mkazi ndi wanu. Koma munene za chilolezo, ndipo munene mawu amenewo asanatuluke enawo."

Ndinachita monga anandilangizira. Holo inali yodzaza, ena atavala mayunifolomu chifukwa ankachokera kuntchito. Ndinanena kumene anabadwira, sukulu zimene anaphunzira, ukwati wathu, kwaya. Kenako ndinati, mwa chilolezo cha boma la dziko lino, malemu ankapanga mbewu za chamba chopangira mankhwala. Phokoso la mipando linatha. Mwana wina kumbuyo anafunsa mayi ake m'Chingerezi kuti chamba n'chiyani, ndipo anamutseka pakamwa. Ndinafotokoza mwachidule za zachimuna ndi zazikazi, za kusankha mayi, ndi zimene ndinaona ndi maso anga m'nyumba yagalasi. Nditamaliza ndinakhala pansi. Mayi wa ku Zambia uja ndi amene anayambitsa nyimbo, ndipo anaiyamba motsika kwambiri moti oimba besi anavutika nayo.

Ena sanakondwe. Potuluka, amayi awiri anandigwira chanza osandiyang'ana kumaso. Mkulu wa mpingo anangondisisita paphewa n'kupita kukathandiza kupinda mipando.

Monga ananenera, vidiyo inafika kumudzi ine ndisanagule n'komwe sutikesi ya ulendo. Apongozi anga aakazi anandiimbira pafoni ya mlamu wanga. Ndi mayi wamasiye amene anaphunzitsa ana ake ndi mtedza ndi fodya. Titapatsana moni wa pamaliro, ndinkamva nkhuku ndi anthu akulankhula chapatali.

"Bambo, zimene mwanena kumeneko tazimva. Mudzi wonse wamva."

"Pepani amayi ngati ndakuikani pa mavuto."

"Anthu akamwa zawo. Ena abwera kudzandifunsa, ndawauza kuti akafunse boma la kumeneko." Anatsokomola. "Koma ine ndili ndi funso langa. Mwati munayendera munda wonse?"

"Wonse, amayi."

"Inu nomwe, osati kuuzidwa?"

"Ine ndemwe, chomera ndi chomera."

"Osapezamo chachimuna?"

"Ngakhale chimodzi."

Ndinamva akuuza wina pambali, mwina mlamu wanga, kuti mbewu yotero iwo sanaionepo, ngakhale ya papaya. Kenako anabwerera pafoni.

"Kuno amalume ake anakonza kale zoti adzawerenge. Ndiwauza adzakusiyireni mpata. Mudzanenenso zomwezo kumanda, koma pang'onopang'ono, chifukwa pavidiyo paja mumathamanga."